Zimatengera

Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku yunivesite ndikufufuza matenda a mitengo ya manachesi. Thandizo la kafukufukuyo litatha, ntchito inathera pomwepo, ndipo ndinabwerera kwathu kumapiri a Neno ndi chikwama cha zovala ndi katoni ya mapepala. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba mpaka dzanja kuwawa. Ambiri sankayankha n'komwe. Oyankhawo ankati ndinaphunzira mopitirira, ngati maphunziro ndi mchere woti ukachuluka ndiwo zimatayidwa.

Bambo anga ali ndi munda wa manachesi kuseri kwa nyumba, ndipo ndi mitengo imeneyo inandiphunzitsa sukulu. Nditangofika ananditengera kumeneko n'kundionetsa mitengo itatu ya kumunsi. Masamba ake anali achikasu mwamawangamawanga, zipatso zing'onozing'ono, zopendekera mbali imodzi, zowawa.

"Paja dokotala wa zimenezi ndiwe," anatero. "Ndidule kapena ndisiye?"

"Zimatengera, bambo," ndinayankha. Ndinafotokoza kuti mwina ndi matenda, mwina nthaka yaguga, ndipo popanda kupima masamba ku labu munthu sunganene motsimikiza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kubwerera kunyumba manja ali kumbuyo. Sanafunsenso.

Mawu amenewa ndinawatola ku yunivesite. Kumeneko ukanena chinthu mwachindunji anzako amakukhadzula pamsonkhano, koma ukati "zimatengera" amakuona wozama. Ndinawazolowera moti ankatuluka okha, ngati chifuwa.

Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu. Kenako bungwe lina logula zipatso kwa alimi linandiitana ku intavyu ku Lisungwi. Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Ndinali nditatopa kudya thukuta la bambo ndili ndi madigiri awiri, kutopanso ndi moni wa kutchalitchi uja wakuti, "Kodi mudakali konkuno?"

Ndinafika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mu ofesi munali anthu atatu: bwana wa bungwelo, mayi woona zolemba anthu ntchito, ndi mayi wina wachikulire wovala chitenje, amene anati ndi wapampando wa kalabu ya alimi. Ndinaika patebulo mabuku a kafukufuku wanga. Bwanayo anangoyang'ana chikuto, n'kuwakankhira pambali kuti aike foni.

Mafunso awo anandikwiyitsa. Kodi njinga yamoto ndimatha kuyendetsa? Kodi lipoti ndingalembe la tsamba limodzi lokha, loti munthu awerenge ali chiimire? Kodi ndinayamba ndagwirapo ntchito ndi gulu la anthu osagwirizana, n'kulifikitsa pamfundo imodzi? Ndinkayankha, koma mumtima ndikuti, zaka zonse zija kuti ndidzafunsidwe za njinga?

Pomaliza mayi wa chitenje uja anatulutsa nthambi mu jumbo n'kuiika pamwamba pa mabuku anga. Masamba achikasu, mawangamawanga.

"Achemwali, uwu ndi mtengo wanga. Ndidule kapena ndisiye?"

Matendawo ndinawadziwa nditangoona. Ndinali nditawaona kambirimbiri. Koma pakamwa panatsogola.

"Zimatengera, mayi..."

Anaseka, osati monyoza, koma ngati munthu amene wamva nyimbo yakale.

"Zoti zimatengera nanenso ndikudziwa, eti. Ndiye ndabwera kwa inu ophunzira kuti mundiuze. Nkhwangwa simva zimatengera."

Ndinayamba kukamba za labu, koma ndinaona mayi wolemba ntchito uja atatseka kale kope lake.

Potuluka, bwanayo anandiperekeza mpaka pakhonde. Sanandibisire. Anati mwa onse obwera tsikulo palibe wodziwa za mitengo kuposa ine, koma iwo sakufuna wodziwa kwambiri. Akufuna munthu woti mlimi akafunsa ayankhe lero, m'mawu omveka, ndipo akalakwitsa abwerere kwa mlimi yemweyo akavomere. "Mlimi sangadikire umboni wonse," anatero. "Mukamadikira inu, matenda sadikira."

Ndinkafuna kutsutsa. Kusamala si mantha, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira choncho. Koma ndinalibe mphamvu, komanso ndinkadziwa kuti pa nthambi ija sindinali kusamala ayi. Ndinkangoopa kugwidwa nditalakwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Bambo anali pakhonde akusoka thumba. Anandiyang'ana nkhope, ndipo za ntchito sanafunse. Ndinaika mabuku pansi, osavula ngakhale nsapato.

"Bambo, mitengo itatu ija dulani. Muzule ndi zitsa zomwe, muwotche. Ndi matenda, ndipo sachira. Mukaisiya ipatsira inzake."

Anabaya singano pathumba n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Tiye ukaone," anatero.

Tinatsetsereka kumunda, iwo patsogolo. Chaka chonsecho ndinkadutsa m'mphepete mwake popita kumadzi, koma maso anga anali pa foni, kudikira mayankho a makalata. Tsopano ndinayenda mzere ndi mzere ndikutembenuza masamba. Chikasu chija chinali chitakwera phiri. Ndinawerenga mitengo khumi ndi umodzi, ndipo ndinasiya kuwerenga.

"Bwanji simunadule nokha, bambo? Inu mumadziwa."

"Ndinkaganiza ndithu," anayankha. "Nkhwangwa ndinanola chaka chatha chomwe. Koma ndinati mwana ndinamutumiza kusukulu ya zimenezi, ndingadule bwanji iye asananene?"