Swichi ya kaunjika ndi mwendo wa achemwali anga

Ena mudzati ndikukokomeza, zanu zimenezo, koma izi zinachitikadi, ndipo wokayika akaone mmene achemwali anga akuyendera lero.

Nditasiya sukulu ndinkagwira ntchito kwa abwana ena oika netiweki pa esiteti ina ya tiyi cha ku Limbuli. Ofesi, fakitale ndi kiliniki zinali pa chingwe chimodzi, koma chilichonse chili ndi kanjira kake mkati mwa chingwecho, timati vilani, ndipo maswichi ndi amene amalondolera uthenga uliwonse m'kanjira kake. Ngakhale foni ya pakiliniki inkadzera momwemo, poti kukhwawa kumene kuja foni yam'manja sigwira.

Mphezi itaotcha swichi ya kufakitale, abwana anabweretsa ina ya kaunjika yochokera kutsidya kwa malire. Anangoipukuta fumbi n'kuilumikiza, ataona timagetsi tobiriwira anati basi yatheka, iwo ulendo wa ku Blantyre.

Masana ake a pafakitale anandituma kukiliniki ati foni yafa. Polowa ndinapeza achemwali anga ali gone pabenchi, njoka itawaluma akuthyola tiyi, mwendo utatupa mpaka m'bondo. Anesi anati mankhwala a njoka palibe, ambulansi ili kuofesi, ndipo wanjinga amene anamutuma wabwerera pamtsinje chifukwa madzi adzadza. Kenako anandifunsa ngati ndabwera kudzaonerera kapena kudzakonza foni. Achemwali, milomo itauma choncho, anasekabe n'kunena kuti si ndinathawa sukulu chifukwa cha timawaya timeneti, lero aone phindu lake.

Mukuganiza kuti ndinalira? Ayi. M'mutu munangoti zii, manja okha ndi amene ankagwira ntchito. Timagetsi tonse tinali tobiriwira. Ndinasintha chingwe, palibe. Ndinayesa kufikira kuofesi pa laputopu, osayankha. Ndiye ndinalumikiza laputopu ku swichi ya pakiliniki yeniyeniyo kuti indionetse mavilani ake. Athu onse kunalibe. M'malo mwake munali mayina a Chipwitikizi, a kampani ya eni imene sindikuidziwa n'komwe, mwina inagwa kalekale, koma inali ikulamulira zingwe zathu.

Maswichi amtundu umenewu amauzana zosintha, ndipo onse amamvera amene wasinthidwa kambiri. Ya kaunjika ija inali itakalamba kwawo, itasinthidwa kambirimbiri, ndiye itangolumikizidwa anzake anaitenga ngati wamkulu, n'kufufuta tinjira tathu. Ya pakiliniki inakana kuti ndilembemo kanthu, ntchito yake ndi kumvera basi. Ndinayenera kukafika kufakitale.

Achemwali anandigwira malaya ati ndisachoke, akuona mdima. Ndinachotsa dzanja lawo chala chimodzichimodzi n'kutuluka. Ndinathamanga chitunda chonse m'matope, laputopu ili m'jumbo, osaganiza za iwo ngakhale pang'ono, ndinkangobwereza nambala ya vilani ya mafoni kuti ndisaiiwale. Nditafika ndinalemba kanjirako pa swichi ya kaunjika yomweyo, anzake onse anamvera nthawi yomweyo ngati sanalakwe kanthu, ndipo nditaimba pa foni ya pafakitale, inalira kuofesi, ine n'kuitanitsa ambulansi.

Ambulansi inazungulira msewu wa kumtunda n'kuwatenga. Moyo anapulumuka, koma mwendo anaudula m'munsi mwa bondo, madokotala ati achemwali anafika mochedwa. Abwana atabwera anati pepani aphwanga, ngozi siona nkhope, kenako anafunsa ngati sikelo ya kufakitale ikugwira.

Kumudzi amati swichi ija inabwera yokhwimira. Ine sindikhulupirira zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti chipangizo cha kaunjika chimabwera ndi zakwawo m'mutu, ndipo timagetsi tobiriwira timangonena kuti chingwe chalowa, osati kuti uthenga ukufika. Inu ogwira ntchito imeneyi, swichi yachilendo muziyamba mwaifufuta zonse isanakhudze chingwe chanu, ngakhale abwana akhale pachangu chotani.

Achemwali sathyolanso tiyi. Nkhani ya sukulu sanaitchulenso, ndipo ndikanakonda akanamanditonzabe.