Laputopu Yosanama ya a Musagwedezeke

Anthu a mumsewu wa kuseri kwa msika anaiwala kalekale dzina lawo lenileni. Amangowatcha a Musagwedezeke, mawu amene akhala akuuza aliyense woima kutsogolo kwa kamera yawo chiyambire 1988, chaka chimene anatsegula situdiyo m'kachipinda kogundana ndi ka telala. Kamera ya filimu anaisiya mu 2009, monyinyirika. Laputopu yoyamba anaigula mu 2015, ndipo inawatumikira mokhulupirika kufikira Malichi 2024, mwezi umene inayamba kunama.

Bodza lake linali lotere: pa sikirini nkhope zinkaoneka zofiira mopitirira, iwo n'kumachepetsa kufiirako, koma zikasindikizidwa zinkatuluka zotuwa ngati za odwala. Mkwatibwi wina anabweza zithunzi zonse za ukwati wake.

"Bambo, ameneyu ndine? Ngati maso atha tiuzeni, tipite kwina," anatero, nawapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti akonze.

Chiyambire ntchito, palibe amene anawabwezerapo chithunzi, ndipo mumsewu umenewo nkhani sichedwa kufika m'makutu a anthu. Loweruka lotsatira anajambula akazi awo pawindo, nakopera chithunzicho mu fulashi ya kompyuta, nawauza kuti avale nsapato.

"Ine ndikatani kusitolo ya makompyuta, abambo?"

"Mukangokhala pampando, mayi. Inu mungonyamula nkhope basi."

Wogulitsa anali mayi wodziwa ntchito yake. Anafunsa kukula kwa zithunzi zawo ndi pulogalamu imene amakonzera, kenako anachotsa patebulo malaputopu onse a memore yochepa.

"Awa angakukalambitseni podikira, bambo. Atatu otsalawa amathamanga, ndipo satentha msanga."

"Zikomo, mwandichotsera theka la mutu wopweteka," anayankha. "Koma yakale ija sinandilakwire pochedwa. Inandilakwira ponama."

Anapempha mpando, nakhazika akazi awo pafupi ndi khomo pamene panali kuwala kwa dzuwa. Anatsegula chithunzi chija pa malaputopu onse atatu, n'kumanyamula imodziimodzi kuiyandikiza patsaya la akazi awowo. Ogula ena anasiya zimene anadzera, n'kumaonerera.

Yoyamba inawasandutsa obiriwira. Yachiwiri inawawalitsa, khungu lili see, makwinya osaoneka.

"Imeneyo!" anafuula akazi awo. "Taonani, ndabwerera ku utsikana. Gulani imeneyo, abambo, musaumire."

A Musagwedezeke anaibweza patebulo. Ananyamula yachitatu. Iyo inaonetsa zonse monga zilili: kuderako kwa m'munsi mwa maso, imvi za pamwamba pa khutu, ndi kachipsera ka pachibwano kamene mayiwo anakapeza mu 1994, tsiku limene nyale ya mu situdiyo inawagwera akuthandiza kujambula ana a sukulu. Anayang'ana sikirini, nayang'ana tsaya, nabwerezanso. Mtundu wa khungu unali umodzi.

"Nkhope iyi ndakhala ndikuiona m'mawa uliwonse chikwatirire mu 1986," anatero potsiriza. "Mtsikana wa pa laputopu inayo ndi wokongola ndithu, koma sindikumudziwa. Sindingapite naye kunyumba."

"Tamverani nkhalambayi, ikufunsira m'sitolo!" anatero mayiwo, akuwamenya ndi mpango paphewa, maso akubisa. Wogulitsa anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anakatenga katoni ya yachitatuyo.

Zithunzi za ukwati anazikonzanso chimodzichimodzi. Pa 28 Malichi mkwatibwi uja anabwera, naima pakhomo, nazisanthula. A Musagwedezeke anapukuta magalasi awo amene anali oyera kale.

"Eya," anatero mkwatibwiyo. "Uyu ndiye ine. Mng'ono wanga akukwatiwa mu Ogasiti, musalonjeze wina tsikulo."

Kufikira lero, akakayikira mtundu wa khungu pa chithunzi chilichonse, amasuzumira kuseri n'kuitana: "Mayi, tabwerani ndi nkhope ija." Mayiwo amabwera akudandaula kuti anakanizidwa utsikana wawo, amakhala pampando wa pawindo, ndipo sagwedezeka.