Magalasi Okana Kuweramitsa Mutu

Ntchito yanga ku Tete inali yokonza momwe munthu angayendetsere vidiyo ya m'magalasi, aja olowetsamo telefoni n'kuvala kumaso. Ukavala umakhala ngati waima m'munda momwemo, ukatembenuka n'kuona zakumbuyo. Manja sagwira kanthu, zonse zimayenda ndi mutu. Ashefi, abwana athu a kuntchito, analamula kuti wofuna kutuluka azingoweramitsa mutu, vidiyo izitseka. Ndinawauza kuti kwathu kuweramitsa mutu n'kumvetsera, si kutsanzika. Anandiseka, akuti dziko lonse limatero. Dziko lawolo sindidziwa kuti limathera pati, koma kumidzi ya m'boma la Macanga silinafike.

Vidiyo yoyamba tinakajambula kwathu ku Tsangano, ababa akufotokoza za chiwawu cha mbatatesi m'munda mwawo. Dzinja lomwelo anatisiya. Achemwali anga, amene anakwatiwa ku Chidzolomondo, anapeza titaika kale chifukwa msewu unali utaduka ndi mvula. Atamva kuti ababa ali m'telefoni, anauyamba wapansi mpaka ku Furancungo, kumene tinkaonetsa alimi vidiyoyo. Ankangofuna kuwaonanso.

Ndinawapatsa mpando, iwo anagwada pansi. Nditawaveka magalasi, ababa anapereka moni. Achemwali anawomba m'manja, kuweramitsa mutu, kuyankha, vidiyo n'kutseka. Ndinayambitsanso, zomwezo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa ndipo bateriya inkatha ndikuona. Mtima unandiwira. Ndinaimbira ashefi kuti andilole kuchotsa chotsekeracho, iwo anati nkhani yake ndi ya pamsonkhano, pakadali pano ndiphunzitse anthu kuvala bwino. Kuphunzitsa munthu wa ana akuluakulu mwano, ndiye ntchito imene anandipatsa. Ndinadula telefoni asanamalize.

"Achemwali, ayang'aneni kumaso, musawerame."

"Iwe, ndinayamba liti kupenya ababa m'maso? Ndapenga ine?"

Ndinafotokoza, ndinachonderera, mpaka ndinakalipa pamaso pa anthu. Anayesa ndithu. Koma ababa akangotsokomola kuti ayambe kulankhula, khosi linkadzigwera lokha, n'kuwabwezera mumdima.

Pomaliza ndinaima kumbuyo kwawo n'kuwagwira chibwano ndi manja awiri, ngati womwetsa mwana mankhwala. Amayi ena amene ankadikira mpata wawo anayang'ana kumbali. Manyazi anandigwira, ndipo ndinadana nawo magalasiwo, ine amene ndinawakonza. Khosi la achemwali linalimbana nane kanthawi, kenako linagonja. Ababa analankhula za masamba akuda ndi nthawi yopopera, anaseka, analoza kumunsi kwa munda. Misozi inadutsa pansi pa magalasi n'kundinyowetsa zala.

Vidiyo itatha sanavule msanga. Ine ndinali nditawagwirabe.

"Kani ababa anali ndi imvi m'nsidze," anatero. "Zaka zonsezi ine ndimadziwa mapazi awo okha."