Mizere ya Mayi Mpendero

Pa maliro a Mayi Mpendero panayankhulidwa mawu okoma ambiri, ndipo okoma koposa anatuluka m'kamwa mwa anthu amene anawadya maso. Tsamba lino la parishi laperekedwa kuti tikumbukire moyo wawo. Tiukumbukire wonse, osadumpha pamene pakuyabwa.

Anali mwana woyamba m'nyumba ya chipinda chimodzi, kuseri kwa malo ochekera matabwa kumene bambo awo ankasesa utuchi. Sukulu ankaikonda moti ankagona atakumbatira buku. Chaka china anakula msanga ngati nsungwi, diresi ya sukulu n'kukwera pamwamba pa mawondo. Mphunzitsi anawaimika kutsogolo kwa kalasi.

"Uku n'kuvala kapena kutilaula? Pita, ukabwere ndi yatsopano."

Amayi awo anatembenuza m'munsi mwa diresiyo kufuna poti afutukule, koma telala anali atadula ndendende, osasiya ngakhale kachala. Yatsopano sinagulidwe. Sukulu inathera pomwepo, mutu uli bwinobwino, thupi lili bwinobwino. Chimene chinasowa ndi nsalu yosakwana chikhatho.

Kamtsikanako kanayamba kutola tizidutswa ta nsalu pakhonde la sitolo pamene pankakhala telala wina wokalamba. Kanaphunzira kugwira sizasi, kenako kupalasa makina. Tsiku limene anasoka diresi yoyamba ya mwana, anapinda m'munsi mwake kawiri, mozama, kubisamo nsalu yoti idzafutukulidwe mwanayo akadzakula. Kupinda kumeneko ndiye mpendero, ndipo dzina lawo lenileni linamira m'menemo.

"Mwana amakula, nsalu sikula," ankatero. "Ndiye uibisire pothawira."

Anakwatiwa ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wanthabwala, amene ankati mkazi wake akadakhalapo pa chilengedwe, bwenzi anthu tikubadwa ndi khungu lapadera m'mawondo. Mwamunayo anagwa kuchokera padenga la mwini wake n'kumwalira, mwana wotsiriza akadali kumsana. Mwini dengalo anatumiza nkhata yamaluwa, basi. Mayi Mpendero analera anawo ndi phazi limodzi pa makina. Misa ya m'mawa sankaiphonya. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti dalitso likangoperekedwa athamangire kukhonde. Mpendero uliwonse ankausoka ndi Tikuoneni Maria mmodzi, kutchula dzina la mwana amene adzavale. Nsalu za paguwa ankazisoka ulere, ndipo palibe anawafunsapo kuti ulusi amautenga kuti.

Kenako zinthu zinavuta. Mtengo wa katundu umene wauona m'mawa, madzulo unali utasamuka. Amayi achitsikana anayamba kudzaza pakhondepo, ana kumsana, maso ofiira. Mayi Mpendero sankalalikira. Ankayankhula mano ataluma singano.

"Iwe, sopo wagula lero wachapira lero? Sopo wamuwisi ndi mbala. Mudule, umuike pawindo aume kaye, uone ngati athe msanga."

"Nanga matewera, amayi? Otayawa andimaliza."

"Ukugula chinthu choti mwana anyeremo iwe n'kutaya? Bweretsa chinsalu chakale chofunda, ndikudulire. Otayawo sungira ulendo wa kuchipatala."

"Bambo ake akuti mwana wawo sangavale zosiya ena."

"Uwauze bambo akewo kuti dzina limene anam'patsa mwanayo n'losiya agogo ake. Bwanji sanagule latsopano?"

Anawaphunzitsa kusonkherana n'kugula mpukutu wonse wa nsalu m'malo mogula aliyense kachidutswa kake. Anawaphunzitsa kutembenuza kolala yoperepeseka, kugula nsapato yokulirapo n'kutsendera kansalu kuzala, kum'patsa mwana chakudya chapakhomo m'kambale m'malo mwa ndalama yokathera pa maswiti. Pansi pa makina awo panali katoni. Yunifolomu ikam'chepera mwana mpendero wonse utatha, inkalowa m'menemo kudikira wamng'ono. Ana ambiri a pa sukulu ya parishi yathu anaphunzira chifukwa cha katoni imeneyo.

Koma mpendero ukafutukulidwa umasiya chipsera. Pamene panali popinda pamatsala mzere wosuluka, ndipo ukafutukulanso, mizere imakhala iwiri. Ana ena anayamba kunena anzawo kuti "amizere". Za ana tingakhululuke. Koma akuluakulu a komiti ya sukulu anakhala pansi, anapemphera, n'kulamula kuti yunifolomu ya mizere ikunyozetsa sukulu. Mwana aliyense avale yooneka yatsopano. Ndipo yatsopanoyo inkapezeka m'sitolo imodzi yokha, ya akazi a wapampando wa komitiyo.

M'mawa wina Mayi Mpendero anakweza maso n'kuona mwana wa mayi wogulitsa tomato ataima pakhonde, chikwama cha mabuku chili m'manja, nthawi ya sukulu. Sankalira. Ankangokokera diresi pansi ndi dzanja limodzi, ngati kuti angabise mizereyo m'mawondo. Mayi Mpendero anakudziwa kukoka kumeneko. Dzanja lawo lomwe linali litakokapo choncho.

Anatseka makina, n'kupita ku msonkhano wa komiti osaitanidwa. Anagwada pakhomo monga mwa ulemu wawo.

"Pepani akuluakulu, ndabwera kudzafunsa. Mzerewu ukulowa bwanji m'mutu mwa mwana kuti alephere masamu?"

"Amayi," anatero wapampando, akuseka, "izi n'za maonekedwe a sukulu. Alendo akabwera aziona chiyani?"

"Aziona ana akuphunzira, bambo."

"Mwamveka. Inu pitani mukasoke, za sukulu mutisiyire amene tinapitako."

Onse amene analipo anaweramitsa mitu. Ena mwa iwo akuwerenga tsamba lino.

Mwana wawo wotsiriza, amene tonse timamutcha Kamoto, anafuna kukaphwanya mawindo a sitolo ya akazi a wapampando tsiku lomwelo.

"Amayi, akunyozani pamaso pa anthu, inu mukuti tipemphere?"

"Ndakwiya kuposa iwe," anatero amayi ake. "Koma windo likasweka, mwana uja alowa m'kalasi mawa? Ndipatse lezala."

Anatenga diresi ya mwana wa mayi wa tomato n'kumasula msoko uliwonse, mpaka inasanduka zidutswa. Kuseri kwa nsalu dzuwa silifika, ndiye sikusuluka. Anatembenuza chidutswa chilichonse, chamkati kukhala chakunja, n'kusokanso diresi yonse. Mizere inalowa mkati. M'mawa mwake mwanayo anadutsa pageti, palibe anamuimitsa.

Mbiri inamveka. Makolo anabwera ndi madiresi, makabudula, malaya. Kufutukula mpendero n'kwa kanthawi kochepa, koma kutembenuza chovala kumadya tsiku lathunthu, maso ali pa ulusi wakuda pansalu yakuda. Makolowo analibe cholipira, iwonso sankafunsa. Zaka zinapita akutembenuza. Anayamba kusendeza makina kufupi ndi dzuwa. Kenako ankaitana aliyense wodutsa kuti awalowetsere ulusi pa singano. Kuchipatala anawauza kuti apumitse maso.

"Ndipumitsa akatsekera," anatero. Akatsekera sukulu m'pamene katoni inkadzaza.

Pomaliza ankasoka ndi zala zokha, kupapasa msoko. Pa Misa ankawatsogolera ndi Kamoto. Sanamvekepo akudandaula, koma tisanamizane kuti mtima wawo unali mbee. Ankati pa Atate Athu pali mawu amene amawatsamwa tsiku lililonse, aja okhululukira adani, ndipo amawameza ngati mankhwala owawa chifukwa adokotala ake ndi Ambuye.

Anamwalira masana, pampando wawo, ansembe atangowadzoza mafuta. Pamiyendo pawo panali kabudula womasula theka. Anagwira dzanja la Kamoto.

"Umalizitse. Mwini wake akudikira."

Anapuma kamodzi mozama, n'kugona ngati munthu woweruka kuntchito.

Kumanda wapampando anapatsidwa mpata. Anati mayiwa anali chitsanzo cha kudzichepetsa, munthu wosadziwa kutsutsa akuluakulu. Sitolo ya akazi awo inapereka nsalu yoyera yokutira bokosi. Yatsopano, yopanda mzere.

Kamoto anamalizitsa kabudula uja, chifukwa analonjeza. Atatha anaitana amayi onse a pakhonde paja.

"Maso a amayi anga anapita. Anga simuwatenga. Sinditembenuzanso chovala cha munthu. Amene akufuna kufutukula mpendero abwere, ndimuphunzitsa lero lomwe."

Lolemba lotsatira, msewu wa kusukulu unadzaza ana a mizere. Ena anachita kuvala yunifolomu motembenuza kuti mizere imene agogo aja anaibisa ionekere. Kumbuyo kwa mwana aliyense kunali mayi wake, ndipo kutsogolo kwa onse kunali mayi wa tomato, amene mwana wake uja tsopano akuphunzira za unamwino. Mphunzitsi wamkulu anaima pageti, wapampando ali pambali pake akumunong'oneza. Mphunzitsiyo anayang'ana anawo. Akadabweza onse, akadaphunzitsa mabenchi. Analiza belu, n'kupatuka panjira.

Lamulo lija silinafafanizidwe. Likadalipo, ndipo komiti ikumananso Lamulungu likubwerali ikatha Misa yachiwiri. Chitseko chake si cha amene anapitako kusukulu okha.

Ambuye awapatse Mayi Mpendero mpumulo wosatha, awabwezere maso awo, aone kuwala kumene sikusulutsa nsalu. Ife otsala, tiumitse sopo, tipinde mozama, tidzaze katoni. Ndipo amene akufuna kuwatcha woyera, ayambe wayang'ana m'munsi mwa diresi ya mwana amene wakhala naye pafupi m'tchalitchi, osaseka.