Chopatsira moto cha kumanzere

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe tinawagwetsa amuna anga pa kabaza. Abambo a Tiya anali atadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, lilime litalemera, ndipo adokotala anati azipita ku mafizo sabata iliyonse, apo ayi mwendo uuma. Nanga kuchokera kwathu kwa Mavwere, munthu wogwira mbali imodzi umukweza bwanji? Tinawamangirira ndi chitenje kumsana kwa wakabaza ngati khanda. Potsetsereka pa mlatho chitenje chinamasuka. Iwo sanalire, koma ine ndinalira mpaka kunyumba. Mwezi wotsatira ndinawasiya m'manja mwa abale anga, poti ankakhala kwathu pachikamwini.

Ku Cape Town ndinapeza ntchito yosamala nkhalamba ina ya matenda onjenjemera. Inali ndi galimoto yamagetsi, yopanda magiya, yopanda phokoso, mpando wake wotembenukira kukhomo. Munthu woyendera ndodo ziwiri, koma kusitolo akupita yekha, osapempha wina! Ine ndikakhala kumbuyo, mtima unkandiwawa ndi chitenje chija. Zaka zitatu ndinagona m'kachipinda ka malata, mphepo ikulowa paliponse. Lamulungu ndinkangochapa zovala zoyera kale kuti tsiku lithe.

Galimoto yotero sindikanaikwanitsa, komanso ndikanaitchaja pati, kumudzi kopanda ndi nthambo yomwe? Zamafuta zakale zinalipo zotchipirako, koma zimafuna miyendo iwiri, ndiponso chidwalireni phokoso la injini linkawazunguza mutu amuna anga. Ndinasankha njinga yamagetsi ya matayala atatu, yotsika, ya mpando wotsamira, yotchajira sola. Ndinakakamira makaniko kuti chopatsira moto achichotse kumanja achiike kumanzere, ku dzanja lawo lamoyo. Anandiseka, koma anachita. Ndinaitumiza pa lole m'dzina la atsibweni a Zakeyo, mwinimbumba wathu, poti katundu wotere salandira mwana.

Mwezi uliwonse mchimwene wanga Yona ankanditumizira chithunzi pafoni, abambo a Tiya ali pa njinga yawo pansi pa mtengo wa mango. Ndinkaonetsa ndi mabwana omwe, ine kupusa! Sindinadzifunse n'komwe kuti bwanji malaya ndi omwewo, mtengo womwewo. Ndikaimba, Yona ankawagwirira foni, iwo n'kumangoti "eee", ine n'kumati ndi lilime lolemera lija.

Ndinabwera osauza munthu. Njingayo ndinakumana nayo ndisanafike n'komwe kumudzi, itasenza matumba a mtedza, ulendo wa kumalire, Yona ali pamwamba. Chotsamira anali atachizula kuti matumba akwane. Chopatsira moto chinali kumanja, nthambo zake atazikulunga ndi mphira.

Amuna anga ndinawapeza pa mkeka kuseri kwa nyumba. Mwendo uja unali utauma ngati chikuni, zala zitapindikira m'kati. Ku mafizo anali atapitako kawiri kokha. Ndinawafunsa za zithunzi, ndipo anatenga nthawi kuti mawu atuluke.

"Amandikweza, kujambula, kunditsitsa. Siilira ija, Nabanda. Ndimangoona mizere ya matayala."

Ndiye kuti kusalira komwe ndinaisankhira kuja ndi komwe kunkawathandiza kudutsa nayo pakhomo osamveka.

Atsibweni sanachite ndi manyazi omwe. Anandikhazika pansi bwinobwino, nati ndapita kutali ndaiwala mwambo. Anati njinga yathandiza mudzi wonse, yanyamula fetereza, yanyamula odwala, ndipo kuisiyira munthu mmodzi kukanakhala kuumira. Ndinafunsa kuti nanga wodwala mwini wake?

"Chotumiza mwana wa mbumba ndi cha mbumba. Mkamwini ndi mlendo, mawa apita."

Mlendo! Zaka makumi awiri akulima fodya wawo, akufolera nyumba ya amayi, akukumba manda a abale anga. Ndinkati anthu ouma mtima ndawasiya ku Joni, kumene amatitcha mayina m'basi. Koma amene aja sindinadyepo nawo m'mbale imodzi.

Sindinakangane nawo. Ndinaitanitsa makaniko wa pa boma, chopatsira moto chinabwerera kumanzere, chotsamira tinakachipeza m'khola la mbuzi. Adokotala anati mwendo tachedwa nawo, koma dzanja lija lilipo. Loweruka m'mawa ndinamanga katundu, ulendo wa kwawo kwa Dambe, ine wobadwira pano kukakhala mtengwa ndi imvi kumutu. Anayendetsa okha, pang'onopang'ono, njinga ikukhotakhota, ine nditakhala kumbuyo nditawagwira lamba.

Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Palibe anafunsa kuti tikafika bwanji. Atsibweni anangofunsa kuti nanga mtedza unyamulidwa ndi chiyani.