Manja a Padre Luan

Padre Luan, wansembe wa ku Vietnam, anafika kwathu ku Tinago, pachilumba cha Samar, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, mafuta odzozera unsembe asanaume n'komwe. Anali woonda ngati nsungwi, nkhope yamwana. Tsiku loyambalo amayi a kutchalitchi anamutuma kukatenga mipando, poganiza kuti wansembe weniweni akubwera m'mbuyo. Iye osakana, anapitadi kukatenga.

Kwawo ndi mwana wachisanu wa mlimi wa mpunga. Tsiku lonyamuka, mudzi wonse unamuperekeza ndi ng'oma mpaka kumsewu, amayi ake ali patsogolo. Potsanzikana anangomuuza mawu amodzi: "Ukaona wamkulu, usaiwale manja."

Zambiri anazolowera msanga. Mpunga ndi womwewo, mvula ndi yomweyo. Chinenero chathu cha Chiwaray ankachilankhula ngati munthu woyenda pamiyala yoterera, koma ankafika tsidya. Injini ya bwato ikakana kulira, ankapinda malaya n'kuigwira mpaka itatsokomola.

Chinamugwetsa ndi dzanja. Misa ikatha, aliyense amatenga dzanja la wansembe n'kuligunditsa pamphumi pake, dalitso n'kupita nalo kunyumba. Ana akabwera, Padre ankapereka bwinobwino. Koma akangoona wa imvi akumuweramira, dzanja ankalibweza. Kwawo wamng'ono ndiye amapinda manja pachifuwa n'kuweramira wamkulu, ndipo nkhalamba kuweramira mnyamata ndi malodza. Ndiye iye manja pachifuwa gwa, mutu pansi.

Woyamba kutsala dzanja lili m'malere anali Lola Pasing, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, woyanika nsomba ndiponso mkulu wa amayi opemphera korona.

"Dzanja la Padre ndi lagolide," anatero panja. "Likhoza kuperepeseka pazipumi zathuzi."

"Mwina ali ndi mphere m'khwapa, akukanda mobisa," anayankha Mang Doroy, woliza belu.

Padre Terio, mkulu wa parishi, anali kuchipatala kutauni ndi bondo lake, ndipo wansembe sadzudzulidwa pamaso. Choncho palibe anamuuza. Nkhalamba zinangoyamba kutulukira khomo lam'mbali. Pofika mwezi wachisanu, zina zinkakwera bwato kukapemphera kutsidya.

Tsiku lina Mang Doroy anamupeza akupukuta chikho.

"Padre, dzina lanu lonse ndi ndani? Akufuna lilowe m'kalata."

"Kalata yanji, Mang Doroy?"

"Ya kwa abishopu, yokuchotsani. Ine sindikudziwapo kanthu, ndangotumidwa."

"Ndalakwanji?"

"Akuti ndinu wonyada. Lola Pasing apita nayo Lachisanu."

Wonyada! Lamulungu limenelo Padre anati akonze zinthu. Anawonjeza ulemu: manja anawapinda zolimba kuposa kale, n'kuwerama mpaka msana kulira. Nkhalamba zinati tsopano wafika potinyoza.

Chakudya chinaleka kutsika. Sankaopa abishopu ayi. Ankaona msewu wa kwawo uja, iye akutsika basi ndi chikwama chake, popanda ng'oma, amayi ake akuyang'ana pansi.

Lachinayi m'mawa anaganiza zowauziratu amayi akewo. Kuno foni imagwira malo amodzi okha, kugombe, pamathandala oyanikira nsomba kuseri kwa nyumba ya Lola Pasing. Anaiimika pansungwi, nkhope ya amayi ake inaoneka, iye manja pachifuwa, mutu pansi.

"Mayo ine!" Anali Lola Pasing, atatulukira ndi lichero la nsomba. "Ndi amako omwe ukuwamana dzanja? Iwe unaleredwa ndi nkhanu?"

Anaika lichero pansi n'kusuzumira pafoni. Amayi a Padre anafunsa kuti ameneyu ndani, ndipo ali ndi zaka zingati. Atamva, anaimirira msangamsanga, n'kupinda manja pachifuwa, n'kuwerama mpaka pafoni panangotsala tsitsi.

"Ehe! Banja lonse ndi lomweli!"

"Ayi, Lola," anatero Padre, Chiwaray chikuterereka. "Akukupatsani moni. Kwathu munthu akapinda manja chonchi, ndiye kuti akunena kuti, pamaso panu ndine mwana."

Lola anayang'ana foni, anayang'ana Padre. Mayi uja anali chiweramire.

"Ndiye miyezi isanu yonseyi umandipatsa ulemu?"

"Eya, Lola."

"Lamulungu lapitali, muja unachita kupindika ngati mbedza?"

"Ndinamva kuti ndine wonyada, ndiye ndinawonjeza."

Lola anakhala pansi pamchenga n'kuseka mpaka kutsokomola. Akupukuta misozi anati, "Ulemu wakowo unatsala pang'ono kukukweza basi, mwanawe. Nanga dzanjalo umalibisiranji?"

"Inu ndinu wamkulu kuposa amayi anga. Mungandiweramire bwanji ine?"

"Akuweramira iwe ndani? Iwe ndimakutuma mipando. Dzanjalo si lako, analidzoza kuti likhale lathu. Iwe ndiwe wongolinyamula. Bwera nalo kuno, ndili ndi nsomba zoti nditembenuze."

Padre anatambasula dzanja. Lola analigwira ndi zala zawo zamchere n'kuligunditsa pamphumi.

Pafoni panabuka moto. Amayi ake anakalipa mwakuti ngakhale Lola, osadziwa liwu limodzi la chinenerocho, anamva zonse.

"Akuti chiyani?"

"Akuti sanandilere chonchi."

"Auze kuti kuno ndikulera ndine."

Padre anaima pakati pa amayi awiriwo. Kenaka anatenga dzanja la Lola, n'kuwerama, n'kuligunditsa pamphumi pake, monga amachitira mdzukulu aliyense kuno. Pafoni kukalipa kunatha. Mayi uja anagwedeza mutu kamodzi, n'kuyamba kufunsa chifukwa chake mwana wawo waonda chotero.

"Pamenepo tagwirizana," anatero Lola, Padre atawamasulira.

Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kalata ija. Anaitambasula pathandala, anaikapo nsomba zouma zisanu, n'kukulunga.

"Tenga. Ukadye zonse, amako asamatinene."

Masana amenewo Padre anakazinga nsombazo n'kudya mbale zitatu za mpunga. Atatha anawongola pepala lija, mafuta okhaokha, n'kuwerenga mayina. Analipo makumi atatu ndi anayi. Loyamba linali la Mang Doroy. Anaseka yekha, anagona pabenchi, ndipo belu la masana silinamudzutse.

Tsopano watha zaka zitatu kuno, masaya anatuluka. Misa ikatha, nkhalamba iliyonse imatenga dzanja lake, iyenso n'kutenga lawo, ndipo mzere umachedwa kawiri. Mang Doroy amadandaula kuti mpunga umazizira kunyumba, akuti alembanso kalata ina.

"Lembani papepala lalikulu, Mang Doroy," amatero Padre. "Lija linangokwana nsomba zisanu."