Vundu wa M'diramu

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, amene ife tinkawatchula asikulu, ndimamva fungo la madzi a matope amene agona padzuwa, ndi kaphokoso ka nsomba ikutulutsa pakamwa pamwamba pa madzi kuti ipume. Ndimawaona atakhala pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba yathu ku Mphuka, malaya atakolowekedwa panthambi, bango lalitali lili pamiyendo, maso ali m'diramu lodula pakati, pamene kutsidya kwa Zambezi mfuti zinkalira patalipatali ngati munthu akuwaza nkhuni.

M'diramumo munali vundu, nsomba ya ndevu yofanana ndi mlamba, koma imene imakula mpaka kutalika ngati munthu. Anali vundu wa atate anga, a Zuze.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene atate anawoloka. Nkhondo inali itakula kutsidya, ndipo mlongo wawo amene anakwatiwa kutsidyako, kufupi ndi tawuni ya Zumbo, anatumiza mawu kuti akamutenge ndi ana ake. Bwato la atate linali lalikulu, lonyamulira matumba a mapira, ndiye analisiya padooko poopa kuti lioneka patali, nabwereka kabwato ka mnzawo. M'mawa umenewo anayamba avuula mbedza zawo ndipo anapezapo kavundu kosaposa chikhatho chawo. Anakaponya m'dishi la amayi lotsukira mbale, nandigwira pamutu.

"Luwiza, ukasunge aka. Kakali kamwana. Tizadya nikabwela."

Anati abwera pakapita masiku atatu. Masiku atatu anatha, sabata inatha, masawu anapsa n'kugwa, koma padooko panali bwato lalikulu lija lokha, litamangidwa kumtengo.

Asikulu ankadziwa nsomba kuposa mmene ankadziwira anthu. Anyamata akafuna kusunga nsomba zamoyo kudikira ogula, ankabwera kudzafunsa kwa iwo, ndipo yankho linali limodzi nthawi zonse: nsomba uyipatse potembenukira, ndipo upime nsomba imene idzakhale, osati imene uli nayo m'manja. Ankanena zimenezi mokalipa, chifukwa anali munthu wosapirira zopusa. Koma kwa vundu wa mwana wawo lamulo lija analiiwala. Atakula m'dishi anamusamutsira mumtsuko wa pakamwa papakulu, atakula mumtsuko anakapempha diramu lodula pakati lomwe amayi ena ankaphikiramo mowa. Nthawi zonse ankasankha chongokulirapo pang'ono. Aphunzitsi athu pothawira ku Lusaka anasiya bafa lachitsulo lalitali, ndipo anauza asikulu kuti alitenge. Iwo anakana mwaukali, nati Zuze afika nsombayo isanadzaze diramu.

Ine mawu amenewo ndinawameza osatafuna. M'mutu mwanga munakhazikika kuti atate ali ndi nthawi mpaka tsiku limene vundu adzadzaze diramu, ndipo akadzaza iwo asanafike, basi. Loweruka lililonse asikulu ankagoneka bango pamwamba pa madzi, n'kulemba ndi mpeni pamene mchira wafika. Chizindikiro chatsopano chinkakhala patsogolo pa chakale nthawi zonse.

Ndiye ndinayamba kuba. Asikulu akaponya matumbo a nkhuku kapena chiswe m'diramu n'kupita kumunda, ine ndinkapisa dzanja, kuvuula zonse, n'kupatsa galu. Ndinkaopa ndevu zija zikandikhudza padzanja, koma kukula kwake ndinkakuopa kwambiri. Galu ananenepa chaka chimenecho, anthu n'kumadabwa kuti akudya kwa yani. Vundu naye, ngakhale ndinkamumana, sanaleke kukula.

Amayi nsombayo sankaifuna n'komwe. Madzi a m'diramu ankafunika kusintha kawirikawiri, ndipo wotunga anali iwo ndi ine, kumtsinje komwe asilikali athu anali ataletsa anthu kuchedwako. Tinkapita chowerama m'mabango, ndowa zitakulungidwa ndi nsanza kuti zisanyezimire, osalankhula, kutunga mofulumira maso ali kutsidya. Tsiku lina chipolopolo chinadula bango pafupi ndi mayi wina amene ankachapa, ndipo amayi atafika kunyumba anaika ndowa pansi mwamphamvu, n'kuuza asikulu kuti sadzafera nsomba. Anati aidye kapena aibweze kumtsinje. Asikulu anangotenga ndowa ija n'kukhuthulira m'diramu. Koma amayi omwewo madzulo aliwonse ankapatula ndiwo m'kambale ka atate n'kuvindikira, ndipo m'mawa tinkadya ndife. Aliyense pakhomo paja anali ndi njira yake yodikirira.

Zinafika pachimake mwezi wa Okutobala wa chaka chachiwiri, dzuwa likuwotcha mpaka nkhuku kuyasamula. Tinali titangodya masana pamene ndege ziwiri zinadutsa mmunsi kwambiri motsata mtsinje. Tinathamangira m'dzenje lobisalamo limene mudzi unakumba pansi pa mlambe, ndipo tili momwemo china chake chinaphulika cha kudooko, nthaka n'kugwedezeka, dothi n'kutigwera m'maso. Ana ankalira, amayi ena ankapemphera. Ine ndinkamva chinthu chimodzi chokha: diramu likulira kuseri kwa nyumba, gu, gu, gu. Vundu anali atadzidzimuka, akudzimenyetsa kuchitsulo.

Kutakhala bata asikulu anatuluka oyamba, ine pambuyo pawo. Madzi anali atatayika theka. Nsombayo inali itagona chopindika, mutu kukhoma ili, mchira utakwera khoma linalo, khungu la pamphuno ndi kumchira litasupuka, poyera ngati chinangwa chosenda. Inayesa kutembenuka, inakanika, inayesanso. Asikulu anagoneka bango lawo pamwamba pa diramu, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti nsomba yatalika kuposa diramu.

Ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku limene atate anachoka. Ndinaulula zonse, za matumbo, za galu, ndi chifukwa chake. Ndinkayembekeza kuti bango lomwelo lindithera pamsana. Koma asikulu anangokhala pansi padothi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Nindani anakuuza kuti atate ako ali m'diramu?" anafunsa motsitsa.

"Ndimwe, asikulu. Munati azafika diramu isanazule."

Anatseka maso. Kenako anaitana amayi, amene anali ataima pakhomo akusasa dothi pachitenje.

"Amake Luwiza, itanani anyamata. Akadonse bwato ya Zuze, aibweletse pano."

Amayi anaima chilili. "Atata, bwato ija ili na mwine wake. Akabwela azakwela chani?"

"Akabwela tizasema ina," anatero asikulu. "Ine nakhala nipima mtima wanga, mwana wanga, osati nsomba. Manje onani vamene nachita, kuli nsomba na kuli uyu mwana."

Amayi analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka atamanga chitenje mwamphamvu, n'kupita okha kukaitana anyamatawo.

Analikoka m'mawa mwake kusanatenthe, amuna asanu ndi mmodzi, akuligubuduza pa mitengo, mmodzi ataima pachulu kuyang'ana kutsidya. Asikulu anamata ming'alu ndi phula, analitsamiritsa ndi miyala pansi pa msawu, ndipo amayi a m'mudzi, amene ndinkaganiza kuti atiseka, anabwera ndi ndowa zawo osaitanidwa. Tinatunga tsiku lonse. Ndikamabwera ndi ndowa ndinkapewa kuyang'ana padooko, pamene panatsala chingwe chokha pamtengo.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti vundu atalowa m'bwatomo sanadziwe kuti malo akula. Ankasambira pang'ono, n'kupindika, n'kubwerera, pa mtunda womwewo wa diramu, pamene kutsogolo kwake kunali madzi okhaokha. Anachita zimenezo masabata angapo, ndipo asikulu ankamuyang'ana fodya atazima m'manja. Anayamba kuponya chakudya kumapeto kwenikweni kwa bwato, nandipatsa ine ntchito yoponyayo. Tsiku lina m'mawa nsombayo inawongoka, inayenda bwato lonse kuchokera kumutu mpaka kumbuyo, n'kutembenuka bwinobwino osakhudza thabwa. Ndinathamanga kukaitana amayi. Anabwera, anayang'ana, n'kubwerera kukasinja. Madzulo a tsiku limenelo kambale ka atate sanakatulutse, ndipo palibe amene anafunsa.

Nkhondo itatha, anthu atayambanso kuwoloka, mlongo wa atate anabwera yekha ndi ana ake. Anatiuza kuti anadikira pagombe masiku ambiri, koma kabwato kaja sikanafike. Zimene tikudziwa n'zomwezo mpaka lero. Vundu sitinamudye, pakuti amene anati tidzadya naye sanabwere. Anyamata anakokeranso bwato kumtsinje nsomba ili momwemo, analowa nalo m'madzi ofika m'chiuno, n'kulipendeketsa. Asikulu anandipatsa bango lija pomwepo, nabwerera kumudzi osacheuka.

Tsopano ndimakhala ku Lusaka, ndipo ndine agogo nanenso. Bango lili pamwamba pa kabati, zizindikiro zake zikuonekabe. Chaka chatha mdzukulu wanga anaumirira kuti ndimugulire nsomba ya m'galasi, ndipo wogulitsa anatilozera kabotolo kozungulira, nati kakwanira. Ndinamufunsa kuti nsombayo ikakula imafika pati. Anatambasula manja monyinyirika, ndipo ndinasankha galasi lalikulu kuposa onse amene anali nawo, moti tinavutika kulilowetsa m'galimoto. Ana anga amandiseka kuti kansomba kamodzi kali ndi nyumba yoposa yathu. Ndimawasiya aseke. Koma m'mawa uliwonse ndikamadutsa pabalaza ndimaima pagalasipo, ndipo sindichoka mpaka nditaiona itafika kumapeto n'kutembenuka.